Kanyale ka pa Galimoto ya Che Jaffalie

Ku Lungwena kunalibe munthu amene anamuonapo Eduardo atakhala pansi n'kutambalala. Ankadya choimirira, tiyi ankamwa akuyenda, ndipo ukamupatsa mpando ankangotsamizapo bondo, maso ali kumsewu. Choseketsa n'chakuti munthu wosakhazikikayo ndi yemwenso anali ndi mwendo woipa. Mwendo wake wamanzere unali ndi dzenje m'munsi mwa bondo, pamene panadutsa chipolopolo, moti ankayenda chotsimphina. Komabe ankauzungulira mudziwo kangapo pa tsiku, sipanala ili m'thumba lakumbuyo, kuchoka kudoko kupita kuchigayo, kuchoka kuchigayo kubwerera kumsewu.

Anali makaniko, mmodzi mwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anawoloka malire mu 1987, ndipo pofika 1991 anali atakhalako ku Chiponde, ku Namwera ndi ku boma la Mangochi, paliponse miyezi yowerengeka. Ku Lungwena ndi kumene anakhalitsako, chifukwa asodzi a kumeneko anali ndi mainjini a maboti amene ankafa tsiku lililonse. Dzina lake linkawavuta anthu, choncho ankangomutchula kuti afundi, kutanthauza mmisiri. Ntchito ankaidziwa, izo palibe ankatsutsa. Koma lole ikangoima pamsewu, afundiwo ankasiya injini yako ili zidutswazidutswa pamchenga, n'kutsimphinira kwa dalaivala kukafunsa funso lawo la masiku onse. Ankafunsa ngati kumene wachokerako anakumanako ndi mayi wamfupi, wa mpata kumano, dzina lake Rosa.

Rosayo anali mkazi wake, ndipo anamutaya chifukwa cha thirakitala. Kwawo, chakum'mawa kwa malire, Eduardo ankagwira ntchito pa munda wa boma. Kwa masiku atatu anthu a m'midzi ina ankadutsa pamsewu atasenza mitolo, osalankhula ndi munthu. Rosa anamanga wake mtolo n'kunena kuti nawonso azipita. Koma Eduardo anali atamasula pampu ya thirakitala, ndipo kusiya ntchito pakatikati kunkamuwawa kuposa njala. Anauza mkazi wake kuti atsogole, akamudikire pansi pa mkuyu wa pamphambano, injini ikangolira amupeza. Injini inaliradi, ndipo mfuti nazo zinalira nthawi yomweyo. Eduardo anatsitsimuka ali pamsana pa munthu wosamudziwa, akulowera kumadzulo. Amene anadutsa pamkuyu paja tsiku lotsatira anati sanapezepo munthu. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo mwambiwu Eduardo sankafuna woti amutanthauzire.

Ku Lungwena komweko kunali Che Jaffalie, mwini maboti awiri, munthu wa thupi ndi mtima wabwino, koma womva zake zokha. Chaka chimenecho anagula galimoto yakale kwa mzungu wina wa bungwe lothandiza othawa nkhondo, amene ankabwerera kwawo. Inali yaitali kumbuyo, yokwana madengu asanu ndi limodzi a usipa, koma inali ya mtundu wachilendo. Inalibe kilachi, ndipo magiya inkasintha yokha. Anthu ankabwera kudzasuzumira pawindo kuti aone popondera pawiri pokha, n'kubwerera akupukusa mitu. Tsiku lina batire litatha mphamvu, amuna khumi ndi awiri anaikankha kuchokera pamzikiti mpaka kudoko, thukuta lili kamukamu, koma sinatsokomole n'komwe. Eduardo ndiye anawauza kuti galimoto yotere siilira ndi kukankha, ngakhale ataitana mudzi wonse.

Patapita miyezi ingapo galimotoyo inayamba mwano. Ukaiponda inkayamba yaganiza kaye, kenaka n'kudumpha. Che Jaffalie sanauze afundi, chifukwa ankadziwa kuti afundi akaigwira aigoneka masiku, pamene msika wa ku boma sudikira munthu. Lachiwiri lina inakana kubwerera m'mbuyo, ndipo anangoisiya pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kuuza anthu kuti ikupuma.

Mawa lake, Lachitatu masana, Mwanabibi, mlongo wake wa Che Jaffalie, anafika pakhomo pawo, fumbi lili m'mawondo. Mayiyu ankayenda wapansi kudutsa m'mapiri kukagulitsa nsomba zouma ku Katuli, n'kubwerako ndi nyemba. Tsiku limenelo sanatule n'komwe dengu. Anatuma munthu kukaitana afundi kudoko.

"Afundi, khalani pansi," anatero Mwanabibi.

"Nenani ndili chiimire, mayi."

"Pasukulu ya ku Katuli pafika anthu atsopano ochokera kwanu. Pali mayi wina wamfupi, wa mpata kumano. Miyendo yatupa, sakutha kuyenda. Akufunsa aliyense ngati akudziwa makaniko wotchedwa Eduardo."

Eduardo anayamba kuyendayenda. Anapita mpaka pa mpanda, n'kubwerera, n'kupitanso.

"Ndamuuza kuti muli moyo ndipo adikire," anapitiriza Mwanabibi. "Koma mverani bwino. Mawa masana kubwera lole yodzawatenga onse kupita nawo kumisasa ya kummwera. Alembi a bungwe akuti sasiya munthu, pokhapokha atabwera wachibale ndi munthu wakuno womuimira."

Kumisasa ya kummwera kunali anthu ngati mchenga, ndipo Eduardo analibe kalata yoyendera maulendo ataliatali. Ankadziwa kuti Rosa akakwera lole imeneyo, zaka zinayi zikhoza kusanduka zisanu ndi zitatu. Njira ya m'mapiri inali yoti mwendo wake sukanaitha, ndipo ngakhale akanakwawa n'kufika, mkazi wosayenda akanamutsitsa bwanji? Matola a ku Katuli ankaoneka kamodzi pa sabata, ngati mwayi ulipo. M'dera lonselo galimoto inali imodzi, ndipo inali kupuma pansi pa mango.

"Ine ndikuimirani, galimoto ndi yanu," anatero Che Jaffalie. "Kungoti masiku ano ili ndi kachimfine."

Eduardo analowa m'galimotomo n'kuliza injini. Inalira bwino lomwe. Anayang'ana pa bolodi la mawotchi kutsogolo kwa chiwongolero, ndipo pakona anaonapo kapulasitala, kaja amamata pachilonda kuchipatala. Anakamatula ndi chikhadabo. Pansi pake panali kanyale, kamene atalizanso injini kanayaka pang'ono n'kuzima.

"Ichi n'chiyani, Che Jaffalie?"

"Kameneko kamandithobwa m'maso. Ndikangodutsa Malindi kayaka, mpaka ku boma kali psuu."

"Chiyambire liti?"

"Mwezi wa Ramadhani usanayambe."

"Ndiye munakamata pakamwa."

"Nanga galimoto inkayenda, afundi."

Eduardo anakwiya, ndipo mkwiyowo sunali wa Che Jaffalie okha. Iye ndiye ankadziwa bwino mmene munthu amaonera chenjezo masiku atatu n'kumati zinthu zikuyenda. Anafotokoza mwachidule kuti kanyaleko n'ka giyabokosi. M'galimoto yotere, anatero, oilo ndi amene amagwira ntchito ya phazi ndi dzanja la dalaivala, ndipo kanyale kakayaka ndiye kuti oiloyo watentha kupyola muyeso.

Anaiyendetsa pang'onopang'ono kufika nayo pabwalo losalala, n'kuisiya ikulira mpaka itafunda. Anaponda buleki n'kuyendetsa ndodo ya magiya pa chilembo chilichonse, kumvetsera mmene ikugwirira, kenaka n'kuibwezera poimika. Atatsegula boneti anasolola kachitsulo koyezera oilo wa giyabokosi, injini ikulirabe.

"Simuzimitsa kaye?" anafunsa Che Jaffalie.

"Wa injini ndiye timayeza itazima. Uyu timayeza ikulira. Munayezapo?"

"Sindimadziwa kuti tizitsulo tilipo tiwiri."

Anapempha Mwanabibi kansalu koyera n'kudonthezerapo. Oilo wabwino wa giyabokosi yotere amakhala wofiira ngati madzi a chidede. Amene anadontha pakansalupo anali wakuda, ndipo ankanunkha ngati ndiwo zopserera mumphika. Eduardo anamufikisa pakati pa zala n'kuyang'anitsitsa padzuwa. Kenaka anazimitsa injini, n'kukwawira pansi pa galimoto ndi beseni la Mwanabibi, osapempha n'komwe. Anakhetsa oilo yense, n'kumasula chibeseni cha pansi pa giyabokosi. M'katimo munali kamaginito kogwira zinyenyeswa. Anakayang'anitsitsa, chifukwa akanapezapo tizidutswa ta chitsulo, ulendo wa ku Katuli ukanathera pomwepo. Anapezapo matope otuwa okhaokha, osalala ngati phulusa lonyowa.

"Ili moyo," anatero ali pansi pomwepo. "Mwaizunza, koma ili moyo. Ikufunika oilo wofiira, zitini zinayi."

Oilo wotere ku Lungwena kunalibe amene anamuonapo. Che Jaffalie anati ali ndi oilo wa giya wa lole, wokhuthala bwino, ndipo wa maboti aliponso wambiri. Eduardo anawayang'ana mpaka iwo anayamba kukonzakonza kofia yawo. Munthu yekhayo amene ankasunga oilo wofiira anali Petulo, makaniko wa pagaraja ya mishoni, amene ankathira m'chiwongolero cha ambulansi. Choncho anthu a ku Lungwena anaona zimene anali asanaonepo. Mwini galimoto anakwera njinga, dengu la usipa lili pakaliyala, kupita kukapempha oilo.

Eduardo anatsala akutsuka sefa ya giyabokosi ndi palafini, kuitsuka kawiri, katatu, ngakhale inali itayera kale. Chinthu chimodzi chinkamusowetsa mtendere. Oilo wopserera ndi chipsera chabe, moto wake uli pena. Anayang'ana mapaipi, osapeza podontha. Anayang'ana madzi a mu lediyeta, ali odzaza. Fani inkazungulira, lamba anali wolimba. Anafunsa Mwanabibi ngati mlongo wake amakokera maboti ndi galimotoyo, ndipo iye anati ayi. Anaizungulira kasanu, osaona kanthu.

Che Jaffalie anabwerako chimanjamanja. Petulo anali atapita ndi ambulansi ku boma, makiyi a sitolo ali m'thumba, ndipo abwerako mawa. Tsikulo Eduardo sanadye.

Lachinayi Che Jaffalie anapalasanso njinga atangoswali, pemphero la m'mawa litangotha. Eduardo anaima pamsewu, n'kubwerera kugalimoto, n'kupitanso pamsewu, mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa anamuuza kuti awathera fumbi m'zakudya. Dzuwa linali litakwera ndithu pamene njinga inatulukira, zitini zinayi zili m'dengu muja munali usipa. Eduardo anathira oiloyo pang'onopang'ono, n'kumayeza, n'kuwonjezera, n'kuyezanso. Anaika ndodo pobwerera m'mbuyo, ndipo galimoto inabwerera mwaulemu ngati sinakanepo.

Pamene iye ankasamba m'manja, Che Jaffalie anali kalikiliki kutsogolo kwa galimoto. Munthu wa kunyanja sapita kumtunda chimanjamanja. Anali atatenga nsomba za chambo zaziwisi zokwana makumi awiri, zina za alembi, zina za ndiwo ya mlendo, n'kuzitunga m'mlaza. Anazipachika pamphuno pa galimoto, pamene mphepo imawomba, monga amachitira aliyense wochoka kunyanja kuti nsomba zisavunde panjira. Eduardo anaziona, koma maso ake sanaziwerengere. Ankaziona tsiku lililonse pa galimoto iliyonse yochoka kudoko.

Ananyamuka cha m'ma teni koloko, Che Jaffalie ali pachiwongolero. Msewu wa ku Katuli ndi wozungulira. Umayamba walowera kummwera kutsata nyanja, kenaka n'kukwera phiri la Chowe, ukafika pamwamba n'kukhotera kumpoto m'fumbi. Eduardo anakhala kutsogolo, koma kukhala kwake kunali kwa dzina lokha. Dzanja lina linali pachitseko, lina pa bolodi, maso akusinthana pakati pa dzuwa ndi kanyale. Anadutsa Malindi kanyale kali zii, ndipo Che Jaffalie anayamba kuimba.

Pakati pa phiri, pamene msewu umapindika ngati njoka, kanyale kanayaka.

Onse awiri anakaona. Galimoto inkakwerabe bwinobwino. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo.

"Afundi," anatero Che Jaffalie motsitsa mawu, "galimoto ndi chitsulo chabe. Mukati tipite, ndiponda mpaka ifere komweko. Sindidzakufunsani kanthu."

Eduardo ankafuna kuvomera. Thupi lake lonse linkafuna kuvomera, ndipo kapulasitala kaja akanakhala nako akanakamata yekha. Koma ankadziwa zimene zikuchitika pansi pa mapazi awo. Phiri linali lisanathe, ndipo oilo akapsanso pachitunda chotere giyabokosi ingoleka kugwira, injini n'kumalira galimoto ili chiimire. Akanatsala pathengo, Katuli ali kutali.

"Imani apo pali mpata," anatero. "Musazimitse injini."

Anatsika, n'kutsimphinira kutsogolo kuti atsegule boneti. Kuti apeze kachitsulo kotsegulira anayenera kukankhira nsomba pambali, ndipo dzanja lake litakhudza nsombazo anaima. Zinali zofunda. Zinali zitaphimba mphuno yonse ya galimoto, mchira pa mchira, osasiya polowera mphepo. Anadula mlazawo ndi mpeni, n'kugwada pa bondo labwinolo kusuzumira m'kati. Kutsogolo kwa lediyeta kunali ina yaing'ono, yoziziritsa oilo wa giyabokosi, yobisika kuseri kwa zitsulo. Timipata take tonse tinali titamatika. Madzi oterera a nsomba, mamba ndi fumbi la miyezi yambiri zinali zitaumbana n'kuuma gwaa, ngati khoma lozira.

"Che Jaffalie, nsomba mumapachika apa masiku onse?"

"Ulendo uliwonse wa ku boma. Nanga ndiziika m'kati kuti zivunde?"

"Nsomba zanu zimafika zozizira, giyabokosi ikupsa."

Che Jaffalie anavula kofia n'kuyang'ana nsombazo zili pansi. Anati bambo awo ankapachika pa njinga, amalume awo pa lole, ndipo palibe chinapsapo. Eduardo anayankha kuti njinga siipuma ndi mphuno. Sanawakalipire, chifukwa nayenso anali ataizungulira galimotoyo kasanu dzulo lake osaganizako.

M'bokosi la zida munali sipoko ya njinga. Che Jaffalie anatulutsa birika lawo, kaketulo kamene ankayenda nako ka madzi osambira asanaswali, n'kulipereka. Eduardo ankathira madzi pang'ono, n'kutokosa ndi sipoko kampata kamodzikamodzi, mosamala kuti asaboole. Madzi atatha Che Jaffalie anatsetsereka kukatunga ena pakamtsinje ka m'munsi. Fungo linali loti ntchentche za phiri lonse zinabwera kudzaonerera.

Ali pakati pa ntchitoyo anamva kulira kwa injini yaikulu kuchokera kumunsi. Inali lole yoyera, yopanda katundu, chizindikiro cha bungwe chili pachitseko. Eduardo anataya sipoko n'kuima m'mphepete mwa msewu, manja onse m'mwamba. Dalaivala anangomuimbira huta n'kudutsa. Lole siima pachitunda, ndipo madalaivala a bungwe ankaletsedwa kunyamula anthu panjira. Eduardo anaithamangira mapazi angapo mpaka mwendo unamukana. Anabwerera n'kusuzumira pawindo. Kanyale kanali chiyakire.

"Tsopano titani?" anafunsa Che Jaffalie.

"Tidikira kazime."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Kadziwa ndi iko."

Anamaliza kutokosa, n'kutsuka, ndipo panalibenso china choti manja ake agwire. Apa m'pamene panali povuta. Anayenda kupita kumbuyo kwa galimoto, n'kubwerera. Anatsegula chitseko, n'kutseka. Kenaka Che Jaffalie anaona chinthu chimene anakasimba ku Lungwena kwa zaka zambiri. Afundi anakhala pansi pamwala, n'kugwira mawondo awo ndi manja onse awiri ngati akuwaletsa kuthawa. Anali ndi mantha, ndipo sanabise. Anati tsiku lija anachedwa chifukwa cha chitsulo, lero akuchedwanso chifukwa cha chitsulo, ndipo sakudziwa ngati Mulungu amasiyanitsa kuchedwa kuwiriku. Che Jaffalie anati kuthamanga si kufika, koma ananena motsitsa, chifukwa nawonso sankakhulupirira kwenikweni.

Kanyale kanazima dzuwa litapendeka kale. Nsomba anaziponya kumbuyo, n'kuziphimba ndi masamba. Eduardo anakokera ndodo pa giya yachiwiri n'kuuza Che Jaffalie kuti akwere phirilo mofatsa, asaponde ngati akupha njoka. Anafika pamwamba kanyale kali kozima. Anakhotera kumpoto, mumsewu wa mabampu, ndipo kanali kozimabe. Galimoto inkayenda bwino kuposa tsiku limene inagulidwa, koma palibe anaiyamikira.

Atatsala mitunda yochepa kuti afike ku Katuli, anaona fumbi likubwera kutsogolo. Inali lole ija, tsopano itadzaza. Che Jaffalie anapatukira kumbali. Eduardo anatulutsa mutu pawindo n'kumayang'ana nkhope, koma zinali zambiri, amayi ofunda mipango, ana, mitolo, zonse zotuwa ndi fumbi. Anaitana dzina la Rosa kawiri. Lole inadutsa, ndipo fumbi lake linawakwirira.

"Titembenuke tiitsate?" anafunsa Che Jaffalie. "Ikaima pa Namwera."

Eduardo anayang'ana kumbuyo, n'kuyang'ana kutsogolo. Akaitsata lole, Rosa n'kukhala kuti watsala, ndiye kuti amusiyanso kachiwiri pamalo amene anauzidwa kuti adikire. Akapita kutsogolo, Rosa n'kukhala kuti ali m'lolemo, ndiye kuti wapita. Anakumbukira kuti pamkuyu paja iye sanafikepo n'komwe. Za kuti panalibe munthu anangomva kwa ena.

"Tiyeni kutsogolo," anatero.

Bwalo la sukulu linali pululu. Panali mafuwa ozima, mapesi, ndi nsapato imodzi ya mwana. Mlembi wa bungwe anali pakhonde akumanga mabuku ake pa njinga yamoto, nkhope ili yotopa. Eduardo anatsika galimoto isanaimitsitse.

"Ndinu makaniko?" anafunsa mlembiyo. "Ndiye katengeni munthu wanu. Watichedwetsa ola lathunthu. Tamunyengerera, tamuopseza, amuna awiri amunyamula, iye wakakamira mtengo. Ine ndinati akafuna kufera pano afere pano."

Analoza kuseri kwa kalasi. Pansi pa mtengo wa mbawa panali mayi wamfupi atakhala pa mtolo, miyendo yotupa ataitambasula. Anali ataonda kwambiri, ndipo tsitsi lotulukira kumpango linali ndi imvi zimene Eduardo sankazidziwa. Mayiyo anamuyang'ana akubwera. Anayang'ana nthawi yaitali mwendo wotsimphinawo, kenaka manja akuda ndi oilo, mamba a nsomba atamatirira m'zala.

Eduardo anali atakonza mawu kwa zaka zinayi, koma atafika pamtengopo onse anamuthawa. Anaima chiimire.

"Mwachedwa," anatero Rosa.

"Galimoto inatentha paphiri."

"Ndinadziwa kuti pali chimene mukukonza. Ndinawauza alembiwo kuti mwamuna wanga sasiya ntchito pakati, koma akamaliza amabwera." Kenaka anapitiriza kuti, "Pamkuyu paja ndinadikira mpaka anthu amfuti anandipeza pomwepo."

Eduardo anagwada, mwendo woipawo n'kumugwetsera pansi, ndipo sanayese kudzuka. Analira ngati mwana, pamaso pa mlembi ndi Che Jaffalie, osachita manyazi. Rosa anamusiya alire. Kenaka anatambasula dzanja n'kuyamba kumuchotsa mamba m'zala, limodzilimodzi.

"Pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani zaka zonsezi," anatero. "Thirakitala ija inalira?"

"Inalira."

Rosa anagwedeza mutu. "Chabwino. Khalani kaye pomwepo, miyendo yanga ipume."

Che Jaffalie anatsitsa nsomba, n'kupatsa mlembi zake, n'kupita kuseri kukaswali ndi madzi otsala m'birika. Atabwerako anapeza injini itazizira, mthunzi wa mbawa utasuntha, afundi ali chikhalire pansi pomwe anawasiya.